Theka la Mwana Wanga

Ine mawu anga amamveka kutsidya kwa Shire. Ndikaitana ng'ombe zanga ku Bangula, ndi za eni ake zomwe zimacheuka. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma pamlandu sindinagonjepo.

Mwana wanga wachisamba ankagwira ntchito mu ofesi ya kuminda ya nzimbe ku Nchalo. M'nyumba mwake munali kabokosi kakuda kophethira kagetsi kobiriwira. Ankati mafoni onse a pakhomopo ndi kompyuta zimatula katundu wake mmenemo: zithunzi, kanema wa ukwati, ngakhale tsiku lomwe anandijambula ndikukalipira ng'ombe zapangolo. Ine ndinkakatcha nkhokwe. Mphezi ya mvula yoyamba inakawotcha, ndipo asanakakonzetse, malungo anamutenga mwanayo.

Pogawa katundu wamasiye tinakangana ndi asewere anga a ku Marka, bambo ake a mpongozi wanga. Iwo akuti kabokosi n'ka mwana wawo, ine ndikuti n'ka mwana wanga. Wina anakamasula, mkati munapezeka zitsulo ziwiri zofanana ngati tinjerwa, ati madisiki. Ndinati basi, Mulungu waweruza kale: imodzi kwanu, imodzi kwathu. Anthu anawomba m'manja. Koma asewere anang'ung'udza kuti ndine wolanda za amasiye. Apo ndinaimirira n'kukuwa mpaka amayi ophika anasiya mithiko: “Phazi langa likadzaponda pabwalo panu, mudzanditche galu!” Anamva onse.

Patapita miyezi ndinatenga disiki yanga kupita nayo kwa wokonza makompyuta pa Nchalo.

“Inzake ili kuti, madala?” anandifunsa.

“Iyi ndiye yanga. Tulutsa mwana wanga ndimuone.”

“Kabokosi kaja kankalemba ngati munthu wobzala minda iwiri, phando ili kuno, lotsatira uko. Chithunzi chilichonse chili theka muno, theka mu inayo.”

“Ndiye ndipatse theka langalo!”

“Si theka la mutu ndi miyendo ayi. Ndi zinyenyeswa. Popanda inzake simuona ngakhale khutu. Komanso musaisunge nthawi yaitali, kutentha kwa kuno ndi chinyezi sizigwirizana nayo.”

Ndinamukalipira mpaka ogulitsa nsomba panja anabwera kudzasuzumira. Sizinathandize.

Ndinaikulunga m'nsalu ya malemu mkazi wanga, n'kuiika m'chitini. Ndinatumiza uthenga ku Marka kuti abweretse yawo. Yankho linabwera la mawu amodzi a Chisena: nkhabe, kutanthauza kuti ayi. Dzinja linadutsa, madzi anafika pakhonde, ine ndinakoleka chitini kudenga. Choopsa sichinali madzi. Ndinayamba kuiwala kasekedwe ka mwana wanga. Ndikati ndikumbukire, m'makutu munkangomveka mawu anga omwe.

Ndiye ndinapatsira disiki ija mayi wina wa geni ya zitenje yemwe amapitapita kumalire, kuti akapatse mpongozi ku Marka. Ndinalumbirira phazi, sindinalumbirire chitsulo. Mpongozi anapita nazo zonse ziwiri ku Blantyre, ndipo zinatheka. Uthenga unafika: “Zatuluka, ababa. Bwerani mudzaone.” Ndinati anditumizire kuno. Asewere anati wofuna kuona abwere yekha.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Nsanje, kenako kabaza. Ndinaima pamsewu, kunja kwa mpanda wa bango. Asewere anali pakhonde akusenda chinangwa.

“Lowani, asewere,” anatero. “Galu wathu anafa, malo alipo.”

Anthu oyandikana nawo anali atatuluka kale, ena mwa iwo analipo pogawa katundu paja. Sindinasunthe.

 Mpongozi ananditulutsira mpando pamsewu pomwepo, n'kubwerera m'nyumba. Anatembenuzira tivi kuwindo, n'kukweza mawu mpaka mapeto. Dzuwa linkawala pagalasi, ndinkangoona mbee. Kenako ndinamva mabelu a ngolo, mawu anga akukalipa, ndi mwana wanga akuseka kumbuyo: “Ababa, chepetsani mawu, ng'ombe si zogontha!”

Anabwereza kanemayo mpaka batire linatha. Ine ndinakhala duu pampandopo, mapazi onse awiri ali pamsewu. Nkhope ya mwana wanga sindinaionebe.