Ndiwe Mwana wa Ndani?

Ndinaganiza zochoka chaka chimene mvula inachedwa, tiyi n'kukana kuphukira. Kapitawo anatiuza ife otchola kuti tikakhale kaye kunyumba, adzatiitana. Bambo ake a mwana wanga Yankho anali atapita ku Joni kalekale, foni yawo n'kusiya kupezeka. Mnzanga wina wa pa esiteti anandilozera bambo wina ku Luchenza amene ankatumiza atsikana kunja kukagwira ntchito za m'nyumba. Bamboyo anati malo alipo ku Lebanoni. Ine dzikolo ndinkangolimva kutchalitchi, akamawerenga za mitengo ya mkungudza.

Yankho anali asanayambe kulankhula bwino. Mawu ake anali "mama" ndi "madzi" basi. Achimwene anga a Dyson, amene amapalasa kabaza, anandinyamula kupita pa siteji, ndipo kuyambira pakhomo mpaka njira yonse ankandiseka kuti ndikadzabwera mwanayo adzandipatsa moni wa alendo, n'kufunsa ngati anti abweretsa masiwiti. Amayi anga sanaseke nawo. Anamubereka Yankho kumbuyo n'kunena kuti, "Pita. Sakuiwala." Koma mawu a achimwene ndi amene anakwera nane ndege.

Ku Beirut ndinkakhala pamwamba pa nyumba yaitali. Madamu amene ndinkawagwirira ntchito sanali ankhanza, koma pasipoti yanga inali m'kabati yawo, ndipo foni ankandipatsa Lamulungu lokha. Ndalama zanga zinkapita zonse kwa amayi. Ine ndine wamanyazi chibadwire. Kumeneko manyazi anandimanga pakamwa, moti tsiku linkatha ndangonena kuti "eya madamu".

M'mawa uliwonse ndinkatsitsa zinyalala. Pansi, pafupi ndi matanki a madzi, panali kachipinda kamene munkakhala mlonda wokalamba, mwana wake wamkazi ndi kamdzukulu kake, Karimu. Anali othawa nkhondo ochokera ku Siriya. Mayiyo anthu ankamuitana Umu Karimu, kutanthauza mayi ake a Karimu, monga timachitira kwathu. Nthawi zonse ndinkawapeza akumuveka mwanayo nsapato uku akumufunsa mafunso, iye n'kumayankha mwachangu ngati ali m'kalasi. Akalakwitsa, ankayambiranso.

Tsiku lina mayiyo anandikodola n'kundipatsa tiyi m'kagalasi kakang'ono. Ndinalibe mawu owathokozera, ndiye ndinawaonetsa ndi manja mmene timatcholera masamba awiri ndi kansonga kake, n'kuponya m'dengu kumsana. Anaseka kwambiri. Anandigwira dzanja n'kuona chipsera chimene chili m'chikhatho changa chamanzere, chimene ndinadzicheka ndi mpeni wodulira tiyi ndili mtsikana. Anafunsa dzina la mwana wanga. Kuyambira tsikulo ndinali Umu Yankho.

Chiarabu chitayamba kulowa m'khutu, ndinamva zimene ankamufunsa Karimu: dzina lake, dzina la bambo ake, la agogo ake, tauni ya kwawo, ngakhale msewu. Nkhani yawo ankandiuza pang'onopang'ono, ngati munthu wotola mpunga wotayika. Mtsogoleri wa kwawo sankafuna kuchoka pampando, komanso sankafuna munthu wolankhula. Anthu atayenda mumsewu kupempha kusintha, asilikali anawawombera. Kenako inakhala nkhondo ya anthu a dziko limodzi, ndege za boma lawo lomwe zikugwetsa mabomba pamisika. Amuna a Umu Karimu anali ophika buledi. Asilikali anawatsitsa m'galimoto pa rodibuloko, ndipo sanamvekenso. Pothawa, mayiyo anaona ana otoledwa m'njira amene sankatha kunena kuti ndi a ndani.

"Nyumba imagwa, mapepala amapsa," anandiuza. "Zimene zili m'kamwa mwa mwana sizipsa."

Ndinakumbuka amayi anga. Nawonso ankatichita zomwezo potisambitsa, kumalayini a pa esiteti, ana anzathu akutiseka. Ndiwe mwana wa ndani? Anganga ako ndani? Kwanu n'kuti? Tinkayenera kutchula mudzi wina wa ku Milanje, tsidya la mtsinje wa Muloza, umene sitinauonepo. Ndinkadana nazo. Ndinkaganiza kuti ndi ukali wawo chabe.

Nthawi yonseyi Yankho ankakula ine kulibe. Poyamba ankapsompsona foni akamva mawu anga. Kenako anayamba kuthawa kukasewera. Lamulungu lina a Dyson anandiuza akuseka kuti mwanayo akuti amayi ake ndi foniyo, ndipo batire ikatha amati amayi agona. Ndinaseka nawo, koma nditabweza foni kwa madamu ndinakalirira kubafa. M'mawa mwake Umu Karimu anaona maso anga, ndipo ndinawauza kuti mwana wanga wandiiwala. Anafunsa kuti ali ndi ndani, ndinati ali ndi amayi anga.

"Amayi akowo anaionapo nkhondo?"

Ndinayankha kuti ayi, kwathu ku Malawi kulibe nkhondo. Anangondiwonjezera shuga m'tiyi.

Patapita zaka, ndalama ya m'dzikolo inatha mphamvu. Madamu anati sangathenso kundilipira, ndipo anandibwezera pasipoti pamodzi ndi tikiti. Atsikana ena ankangosiyidwa mumsewu, ndiye ine ndinathokoza Mulungu. Potsanzikana, Umu Karimu anandikulungira kagalasi kaja m'nsalu. Iwo analibe tikiti yopitira kulikonse, koma ndi amene ankandilimbitsa mtima.

Minibasi itadutsa Bvumbwe, azimayi akulowetsa kabichi ndi tomato m'mawindo, ndinayamba kuona minda ya tiyi itabiriwira mpaka m'mapiri. A Dyson anandichingamira pa siteji, n'kundifunsa ngati masiwiti aja ndawakumbukira.

Ndinapeza amayi akuyanika zovala, pambali pawo pali kamtsikana katali, kometa bwino. Ndinagwada n'kuitana dzina lake. Anandiyang'ana, kenako anabisala kumbuyo kwa anganga ake atagwira chitenje. Ndinaitananso, koma sanasunthe.

Amayi sanamukankhe. Anapukuta manja, anawerama, n'kufunsa ndi mawu omwe aja a nthawi yosamba.

"Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa Eneless," anayankha ali kumbuyo komweko.

"Eneless ndi wa ndani?"

"Wa Roza wa ku Milanje."

"Ali kuti?"

"Ali ku Lebanoni, akubwera."

"Udzamudziwa bwanji?"

Funso limenelo ine sindinalimvepo. Mwanayo anatulutsa mutu n'kunena kuti, "Ali ndi chipsera m'dzanja." Anabwera pang'onopang'ono, anandigwira dzanja lamanja, analitembenuza, analisiya. Anagwira lamanzere. Analondola chipseracho ndi kachala kake kuchokera uku kukafika uko, kenako anakhala pamwendo panga ngati ndinangopita kumsika. Masiwiti anafunsadi, koma anafunsa amayi ake.

M'mawa mwake, tikutsuka mbale, ndinawauza amayi za Umu Karimu. Anamvetsera osayang'ana kumene ndinali. Ndinkadziwa kuti anabadwira ku Mozambiki, monga ambiri pa esiteti pano, koma sindinawafunsepo kuti anabwera bwanji. Tsikulo ananena okha. Anali kamtsikana pamene mudzi wawo unatenthedwa, ndipo anathawa atabereka mlongo wawo wamng'ono, Zuze. Pamtsinje anthu anali ambiri, madzi akuwafika m'khosi, ndiye mayi wina wachilendo anawathandiza kunyamula mwanayo. Tsidya lino sanamuonenso. Anayenda m'misasa yonse ya othawa akufunsa.

"Ankangodziwa kuti ndi Zuze," anatero amayi. "A Zuze analipo angati?"

Anapitiriza kutsuka. Ine ndinapita kutali kuja kukamva za nkhondo kwa mlendo, chonsecho nkhondoyo ndi imene inandisambitsa ubwana wanga wonse. Lamulungu lotsatira ndinatumiza mawu kwa Umu Karimu, m'Chiarabu changa chothyokathyoka, kuti yankho lija ndinalakwitsa: amayi anga anaiona. Anayankha kuti, "Ndiye mwana wakudziwa." Sanafunse, ananena.

Mvula itagwa kapitawo anatiitana, ndipo ndinabwerera kukatchola. Tsopano ndine amene ndimamusambitsa Yankho ndisanatenge dengu, ndipo mafunso aja ndimafunsa ndine, onse, mpaka dzina la mudzi wa ku Milanje. Ndawonjezapo la Zuze. Yankho limodzi lokha analisintha yekha, popanda womuuza. Ndikafunsa kuti Eneless ali kuti, amandiwaza madzi kumaso n'kunena kuti, "Ali pano."