Thumba la Malasha ndi Mpweya Wanga

Nditabereka mwana wachitatu ku Lwendulu, komboni ya mgodi wa malasha wa Wankie, thupi langa linasiya kundimvera. Ndikangotukula ndowa pa mpopi, mkodzo unkadontha wokha. Ndinayamba kuvala zitenje ziwiri m'kutentha kwa ku Wankie kuja, ndipo kwaya ya amayi ndinaisiya poopa kunyowetsa benchi la m'tchalitchi. Manyazi ankandidya, ndipo sindinauze munthu.

Kanyamulidwe ka katundu ndinatengera kwa bambo a ana anga. Amuna a mumgodi akamakankha ngolo amakoka mpweya, kuutsekera m'chifuwa, n'kuluma mano mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Ine ndinkati mphamvu ndiye imeneyo.

Amene anandizindikira anali mayi ena a ku Tete, a mumzere wathu womwewo wa nyumba za kampani. Anali aafupi, owonda, obereka kasanu ndi katatu, koma thumba la malasha ankalikweza pamutu nyimbo ili pakamwa. Tsiku lina tikutola malasha ogwa m'sitima cha ku Thomson Junction, ndinadzitwika thumba, kenako ndinangoti chilili, miyendo nditaphatikiza. Iwo anayang'ana fumbi lonyowa pamapazi anga, osaseka ngakhale pang'ono.

"Aikona, ayi ndithu, mwanangu," anatero. "Mpweya ukautsekera chonchi, ukuganiza kuti ukankha chiyani? Zonse zikuthawira kumusi. Zimenezo siyira amuna ako kumgodi."

Anatenga dzanja langa n'kuliika pamimba pawo. "Tamvera apa. Pokoka mpweya, masula kumusiko. Potulutsa, kokera m'mwamba ngati mkodzo wakugwira pamaso pa apongozi. Ukatero ndiye nyamula."

Ndinamva mimba yawo ikulimba pang'onopang'ono mpweya ukutuluka, thumba n'kukwera bwinobwino. Ndinawasirira mayiwo kuposa akapitawo onse a pamgodi.

Sizinatheke msanga. Ndinkasokoneza, kumanga pokoka, kumasula potulutsa, mpaka kupsa mtima. Iwo sanatope nane. Ankandiyesetsa posinja, pochapa, ngakhale potukula khanda pamphasa. Akandiona pa mpopi nditatupitsa masaya ankangowomba m'manja kamodzi, ine n'kukumbukira.

Mvula itayamba ndinabwerera ku kwaya. Ndinaimba, ndinavina, ndinafika kunyumba chitenje chili chouma. Madzulo ake ndinawatengera nkhuku mayi a ku Tete aja, ndipo nditagwada ndinafunsa kuti, "Amayi, inu anakuphunzitsani ndani?"

Anasisita nkhukuyo.

"Palibe, mwanangu. Ndinazitulukira ndekha, amuna anga atasamukira kale kwa mkazi wina chifukwa cha vuto lomweli."