Magetsi a kwa Aneba

Nyumba yanga ya ku Chinamwali inayamba kuphethira chaka chomwe mwana wanga wamkazi anali Fomu 4. Sikunali kuthima kwa magetsi kumene tonse tinakuzolowera, koti dera lonse lada, aliyense n'kutulutsa mbaula yake mosadandaula. Kwathu babu la pabalaza linkachita ngati munthu wosinza m'tchalitchi: kuzilala, kudzidzimuka, kuwala mopitirira, kenako kuthimiratu. Fuliji inkalira n'kusiya. Wailesi inkadula mawu pakati. Ndikasuzumira pawindo, kuseri kwa mpanda, kwa aneba kunkakhala kuli ngwee.

Aneba amenewa anali mayi wa msinkhu wanga, wogwira ntchito m'laibulale ku koleji. Ana awo anakula n'kupita ku Blantyre, ndipo iwo ankakhala okha m'nyumba ya makatani oyera. Sitinayambanepo. Tinkapatsana moni ndi kubwerekana mchere ngati anthu ena onse. Chimene chinkandiwawa n'chakuti polo yathu inali imodzi. Waya wawo ndi wanga ankachokera pamalo amodzimodzi, koma wawo yekha ndiye anali womvera.

Tsiku lina madzulo anatipeza pakhonde, mtsikanayo akuwerenga ndi tochi ya foni.

"Aneba, mwanayu maso aonongeka," anatero. "Azibwera kudzawerengera kwathu. Tebulo lilipo, likungokhala."

Ndinathokoza, ndipo ndinathokoza kuchokera pansi pa mtima. Mwanayo ndi mmodzi yekha, bambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo mayeso anali pakhomo. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pageti.

Masabata oyamba ankapita dzuwa litalowa, n'kubwerako kudzadya. Kenako anayamba kubwerako atadya kale. Nkhani zake zonse zinkayamba ndi "anti". Anti amathira jinja m'tiyi. Anti amati buku silipindidwa pakona. Anti akuti ndingathe kukhala dokotala. Ine ndinali nditamuuza za udokotalazo kuyambira ali ku pulaimale, koma zikuoneka kuti mawu amamveka bwino akalankhulidwa pansi pa babu losaphethira. Loweruka lina anabwera tsitsi lake litalukidwa, mizere yoongoka bwino, ndipo sindinafunse kuti wamuluka ndani. Tsitsi limenelo ndinkaliluka ine ndekha chibadwire chake. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni yotentha pachifuwa, ndipo ndinangoti, "Zakukhala."

Ndiye ndinalimbana nawo magetsi aja ngati ndikulimbana ndi mkazi mnzanga. Ndinayamba ndi mababu, kugula atsopano onse mpaka la kubafa. Anaphethira chimodzimodzi. Ndinayang'ana mita, mayunitsi analimo okwanira. Ndinaganizira simbi yositira, n'kuitsekera m'kabati, ndipo kwa sabata yonse ndinkapita ku ofesi ndi zovala zosita ndi ya makala. Ndinazimitsa fuliji mpaka nsomba zinanunkha. Ndinkazula chinthu chimodzichimodzi m'masoketi, n'kuima pakati pa balaza manja ali m'chiuno, kuyang'ana babu. Lija linkakhala phee kanthawi, ine n'kuyamba kumwetulira, basi n'kundiphethirira.

Ndinaitana wokonza magetsi wa kumsika. Anabwera m'mawa wina kunja kuli zii, opanda ndi kamphepo komwe. Anatsegula bokosi la meni swichi, kumangitsa timabawuti tonse, kusintha soketi imodzi ya kukhitchini imene inali itada. Tinayatsa chilichonse m'nyumba, ndipo magetsi anachita ulemu ngati mwana pamaso pa alendo.

"Mayi, apa palibe vuto," anatero akutseka chikwama chake. "Zikayambiranso mundiimbire nthawi yomweyo, ndidzaone ndi maso."

Zinayambiranso madzulo a tsiku lomwelo, foni yake ili yozima.

Ku ofesi mnzanga wina anati mwina pali amene akundibera magetsi, poti ena amakwirira waya pansi. Ine m'maganizo mwanga munabwera nyumba imodzi yokha. Lamulungu lotsatira anthu ali ku tchalitchi ndinayenda m'mbali mwa mpanda wonse ndi kakhasu, kupalasa dothi ngati ndikufuna mbatata. Sindinapeze kanthu, ndipo kunena zoona ndinakhumudwa. Ndinkafuna chifukwa chomveka chodanira ndi munthu amene sanandilakwire.

Mawu amene anandibaya anabwera masana a Loweruka, mwezi wozizira. Ndinali kuchapa panja, mtsikanayo akusakasaka m'chipinda mwake. Anatulukira pakhomo akukanda m'mutu.

"Amayi, buku langa la bayoloje mwaliona?"

"Ayi."

"Oo, ndakumbuka. Ndalisiya kwathu."

Ndinasiya kufinya nsalu. "Kwanu kuti?"

Anaseka, dzanja pakamwa. "Ndimati kwa anti. Pakamwa paterereka."

Anathamanga kukalitenga. Ine ndinatsala ndi beseni langa, manja atauma ndi madzi ozizira, misozi ili m'maso. Nyumba imeneyi ndinamanga njerwa imodziimodzi kuti mwana ameneyu akhale ndi poti n'kwathu.

Nthawi yomweyo mphepo inatsika kuchokera kuphiri, ija imabwera ndi nkhungu n'kuphimba mitengo ya paini kumtunda. Wailesi ndinali nditaiika pawindo. Nsalu za pachingwe zitakupiza, wailesi inadula. Mphepo itadekha, inayambanso kulankhula. Zitachitika kangapo ndinaimirira. Ndinakumbukira m'mawa wa zii uja, wokonza magetsi atabwera, ndinakumbukiranso kuti mphepo ya kuphiri imakonda madzulo. Ndinakweza maso.

Waya wochokera papolo kubwera kwathu ankadutsa m'kati mwa mtengo wa mapeyala umene ndinadzala titangosamukira pamalopo. Nthambi imodzi inali itakula n'kumutsamira. Mphepo ikaomba, nthambiyo inkamukankha, ndipo pamene wayayo amalumikizira kudenga pankamveka kuthetheka, timoto tikuoneka ngakhale masana. Waya wa aneba ankadutsa mbali ina, pamtetete. Miyezi yonseyo ndinkayang'ana m'nyumba ndi kuseri kwa mpanda, koma osayang'anapo kumwamba kwa bwalo langa.

Ndinazimitsa meni swichi n'kuimbira wokonza magetsi uja. Anandiletsa kukhudza mtengowo kapena kukwera makwerero. Lolemba m'mawa anabwera ndi anthu a magetsi, amene anadula kaye moto papolo. Nthambi inagwa ndi mapeyala ake osakhwima. Anandionetsa polumikizira paja: panali patakhwepa, patapsa n'kuda, ndipo chikopa cha waya chinali chitasupuka. Anaikapo zatsopano, kumangitsa, n'kupita.

Tsiku limenelo ndinaweruka msanga. Ndinachotsa makina osokera patebulo la pabalaza, kuyalapo nsalu ya maluwa imene ndimasungira alendo, kuikapo mpando wa khushoni. Ndinagula jinja. Ndinakazinga zitumbuwa, zimene amazikonda kuyambira ali wamng'ono. Dzuwa litalowa mphepo inatsika monga mwa masiku onse, mtengo wa mapeyala ukugwedezeka, koma babu linangoti ngwee, osaphethira ngakhale kamodzi. Ndinayatsa simbi, fuliji ndi wailesi zonse pamodzi kuti ndiliyese. Silinasunthe.

Mtsikanayo atalowa anaima pakhomo n'kuomba m'manja.

"Amayi, mwawagonjetsa."

"Ndawagonjetsa. Tebulo lako ilo."

Anakhala pampando uja, kudya zitumbuwa, kumwa tiyi, n'kunena kuti jinja ndachulutsa pang'ono koma ali bwino. Tinaseka. Mtima wanga unakhala pansi koyamba m'miyezi yambiri. Atamaliza anatsuka kapu yake, analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala juzi, mabuku ali pachifuwa.

"Ukupita kuti? Magetsi alipo."

"Anti akundidikira, amayi. Dzulo tinalekezera pakati." Anaima pang'ono, akuyang'ana pansi. "Komanso amakhala okha."

Ndinafuna kumufunsa kuti nanga ine ndimakhala ndi yani. Ndinafuna kumuletsa, ndipo akanamvera, chifukwa si mwana wamwano. Koma mayeso anali atatsala pang'ono, ndipo kumene ankapitako ankamuthandizadi. Ndinangomuuza kuti atseke geti.

Ndinakhala ndekha patebulo la nsalu ya maluwa, pansi pa babu limene ndinalimenyera nkhondo. Linkaonetsa chilichonse: mbale ya zitumbuwa zotsala, mpando wopanda munthu, manja anga. Kuseri kwa mpanda, pa makatani oyera aja, ndinaona zithunzithunzi za mitu iwiri itaweramira pamodzi. Ndinadziwa kuti aneba akangosuzumira panja aona kwathu kukuwala, ndipo adziwa kuti mwanayo sanabwere chifukwa cha mdima.

Ndinadzuka, kupita pakhoma, n'kuzimitsa magetsi ndekha.