Tesita ya a Greyson Sinakwere Ndege

Mukafika ku Area 23 n'kufunsa a Greyson Kamtande, ambiri angokuyang'anani. Koma nenani kuti mukufuna bambo wa tesita, akulozerani nyumba ya geti yobiriwira kumunsi kwa msika. Ine ndine neba wawo, mpanda wathu ndi umodzi, ndiye zambiri zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa.

Tesita ndi kasikuludalaiva kamene kamayaka kumchira kakakhudza waya wa magetsi. Mmisiri aliyense ali nayo, koma a Greyson yawo amaisamala ngati mwana wobadwa yekha. Anawapatsa ndi malemu a Laws, amene anawaphunzitsa ntchito ku Biwi, ndipo chogwirira chake chinang'aluka kalekale n'kukulungidwa ndi tepi yofiira. Imakhala m'thumba la shati, pomwe anthu ena amakoleka cholembera. Kutchalitchi ili pomwepo, kumaliro ili pomwepo. Chitsulo chilichonse amayamba achigunda nayo asanachigwire, kaya ndi geti, kaya firiji. Ndinawaonapo akuyeza wilibala.

Dzanja lawo n'labwino, zimenezo sindingawamane. Nyumba zambiri za kuno mawaya ake anakoka ndi iwowo, ndipo palibe inapsapo. Koma woumba mbiya amadyera m'phale. Hotipuleti ya akazi awo, mayi Elube, inali ndi khalidwe loipa: ukagwira poto ndi manja onyowa, imakumenya shoko mpaka m'chigongono. Mayiwa anazolowera kuphika ataima pa thabwa, atavala masilipasi, chogwirira poto atachikulunga ndi kansanza. Akadandaula, yankho linali limodzi: "Ndiiona Loweruka." Mwana wawo Peggy anabadwa, n'kuyamba sukulu, Loweruka lija lisanafike. Kunena zoona, ine zinkandikwiyitsa, makamaka ndikamva kulira kwa poto atagwa pansi kuseri kwa mpanda.

M'chaka cha 2005, a Sharif, eni chigayo ku Kawale, anamva kuti ku Joni kuli mamota a kaunjika otsika mtengo. Iwowa anagulapo mota ina yomwe inapsa sabata isanathe, ndiye analumbira kuti sadzagulanso popanda munthu wodziwa kuyeza. Anasankha a Greyson kuti apite nawo, ndipo anati ulendo wake ndi wa pandege.

Tsopano a Greyson si munthu wosayenda. Mabasi a ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Ntcheu anawakwera mpaka kutopa nawo, ndipo anawaphunzitsa lamulo limodzi. Tsiku lina anakweza bokosi la zida pa kaliyala, pofika ku Kamphata bokosilo linali litatsika lokha. Kuyambira pomwepo, cha mtengo wapatali chimakhala pamiyendo, cha kondakitala ndi chimene sungachilire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho m'sutikesi yaikulu anaikamo malaya, nsapato ndi mtedza wokazinga. M'kachikwama ka m'manja munalowa pulayala, chodulira waya, masikuludalaiva ndi mita yoyezera magetsi. Tesita inali pamalo pake. A Sharif sanawauze kanthu, nawonso sanafunse, ndipo safunsa anadya phula.

Tinawaperekeza ndi minibasi yodzaza, ena a kwaya, ena ongofuna kukaona ndege pafupi. Pabwalo la ndege ku Lumbadzi sutikesi anaiyeza, anaimata kapepala, n'kuyamba kuyenda yokha pa lamba mpaka kulowa kuseri kwa khoma. A Greyson anaiyang'ana mwachisoni, nanong'oneza akazi awo kuti, "Malaya anga aja basi atsanzika."

Za mkati mochitira chipikisheni anatifotokozera ndi a Sharif atabwerako, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe. Mayi wa yunifolomu anafunsa, "Abambo, muli ndi chitsulo chilichonse m'thumba?"

"Ndilibe," anatero a Greyson, ndipo sankanama. Kwa iwo tesita si chitsulo, ndi chiwalo.

Atadutsa pa kakhomo koyezera, makina analira. Tesita inatuluka, chikwama chinatsegulidwa, zida zonse n'kuyalidwa patebulo ngati pa msika wa Mgona. Mayi uja anawauza kuti ayatse mita. Itayaka, anati imeneyo ikhoza kukwera nawo.

"Koma zosongokazi, abambo, zimayenera kulowa m'sutikesi yaikulu. M'ndege sizilowa."

"Sutikesi yomwe yapita yokha mumdima ija? Mayi, inuyo mungapereke zida zanu kwa kondakitala amene simunamuone n'komwe nkhope?"

"Kuno si kudepoti, abambo."

"Chabwino, pulayala tengani. Koma iyi si mpeni. Ikaona magetsi imangoyaka, basi. Nanga magetsi akathima m'mwambamo, simudzandifuna?"

Mayiyo sanaseke. Anawalozera bokosi lodzaza masizasi ndi timipeni ta anthu ena, nati asankhe: aponye mmenemo, kapena ngati ali ndi owaperekeza akasiye kwa iwo. A Sharif thukuta linali kamukamu. "Amisiri, ndege sidikira kudzaza ngati minibasi. Chonde fulumirani."

Ife tikukonzeka kukwera pamwamba pobayibitsira okwera ndege, tinangoona a Greyson akutuluka, nkhope ili ngati wochokera kumanda. Anapereka zida kwa akazi awo chimodzichimodzi. Tesita anaipereka pomaliza, ndi manja awiri.

"Mayi a Peggy, isagwe. Isanyowe. Wina akabwera kudzabwereka, ndapita nayo."

Mayi Elube anaikulunga pa nsonga ya chitenje n'kumanga mfundo. "Muyende bwino, bambo a Peggy," anatero mofatsa. Koma ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona kakumwetulira kena kamene sindinakakhulupirire.

Ku Joni ntchito inayenda. A Sharif anawagulira tesita yatsopano yonyezimira, iwo n'kuigwiritsa ntchito monyinyirika, akuti imayaka mwaphuma. Pobwerera anali ataphunzira mopitirira muyeso. Chilichonse cholimba anachiponya m'sutikesi, mpaka magalasi awo a maso, moti njira yonse pawindo anangoona chifunga.

Tsiku lomwe anafika ndinapita kukawalonjera, komanso, ndisaname, ndinamva kuti abwera ndi maapozi. Ndinawapeza ataima pakati pa balaza, jekete asanavule.

"Mayi a Peggy, tesita yanga."

"Khalani pansi kaye, mwatopa."

"Ndikhala ikakhala m'thumba."

Mayi Elube anasisita mfundo ya chitenje chawo. "Ili pano, sinagwe, sinanyowe. Koma ndege inaikana, ine ndinailandira. Ituluka hotipuleti ija ikasiya kundimenya."

A Greyson anayang'ana kwa ine kufuna thandizo. Ine ndinayang'ana apozi amene ndinali nditalandira kale.

"Ndiiona Loweruka," anatero.

"Nayonso muiona Loweruka."

Apa bambo aja anayesa nzeru za umisiri. Anati chinthu chomenya shoko sachigwira ndi manja chabe, munthu akhoza kufa, ndiye popanda tesita yawo yeniyeni sangayandikire n'komwe. Ya ku Joni ija sakuikhulupirira.

Mayi Elube sanakweze mawu. Anatambasula dzanja lawo lamanja, lomwe lili ndi chipsera cha phala lotentha pamkono. "Ine ndakhala ndikuigwira ndi manja chabe m'mawa uliwonse kuyambira Peggy asanabadwe. Geti mumaiyeza, wilibala mumaiyeza. M'nyumba muno tesita yanu ndinali ine."

Ine apozi uja ndinamuika pansi mwamanyazi, chifukwa ndinali nditabwera kudzaseka. A Greyson anayang'ana chipsera chija nthawi yaitali, ngati akuchiona koyamba. Kenako anavula jekete, napinda manja a shati, n'kulowa kukhitchini.

Vuto lake linali kawaya kamodzi kamene kanasupuka n'kumakhudza chitsulo. Madzi a tiyi amene mayi Elube anatereka pambaula asanawire, ntchito inali itatha. Atamaliza anatambasula dzanja kuti alandire tesita, koma mayi aja anamasula mfundo okha, nagunda hotipuleti ndi tesita, chala chili kumchira monga ankaonera amuna awo akuchitira. Sinayake. Ananyowetsa dzanja, n'kugwira poto, shoko osawamenya. Kenako anakankha thabwa lija ndi phazi mpaka panja, nakoleka tesita m'thumba la shati ya amuna awo.

Mpaka lero a Greyson akamafotokoza za ulendowo pa bawo, amati malamulo a pandege ndi opanda nzeru, ndipo amalangiza amisiri anzawo kuti zosongoka aziika m'sutikesi, mita okha m'manja. Za kukhitchini sazitchula. Thabwa lija ndinalipempha ine, ndipo ndinatsekera pomwe nkhuku zawo zinkadutsira kulowa kwathu.