Dothi la Pachulu ndi Supuni ya Molasesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 8, pamene ndinayamba kudya dothi. Osati kungolawa ayi, kudya kwenikweni. Kuseri kwa khola la mbuzi kwathu, kufupi ndi Magaleta, kunali chulu chofiira, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkazemba kukagumula kachibuma n'kumakukuta ngati chimanga chokazinga. Mvula ikangowaza, fungo la dothi lonyowa linkandidzaza malovu m'kamwa. Ndinkadziwa kuti n'zochititsa manyazi, koma mtima sunkamva.

Nyengo yomweyo thupi linayamba kundikana. Ndikamakwera chitunda kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, ndinkapuma wefuwefu, mtima uli thithithi. M'kalasi ndinkangosinza. Ndikadzuka mofulumira m'maso munkachita mdima, mpaka tsiku lina ndinagwa pamzere tikuimba nyimbo ya fuko, anzanga n'kukandigoneka pansi pa mtengo wa mango.

Tsono kwathu kuno mtsikana akamadya dothi, akamachita chizungulire, akamagonagona, anthu safunsa kuti akudwala chiyani. Yankho amakhala nalo kale. Amayi atandipezerera pachulu, milomo ili psuu, sanandikalipire n'komwe. Anangondiyang'ana pamimba, n'kutembenuka kulowa m'nyumba. Bola akanandimenya.

Bambo anali ku Joni, choncho amayi anatumiza uthenga kwa alongo awo, amalume a Dikisoni, eni mbumba, omwenso anali mkulu wa mpingo. Anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu, n'kundikhazika pamphasa.

“Iwe Esinati, tiuze dzina la mnyamatayo.”

“Palibe mnyamata, amalume.”

“Nanga dothi ukudyeranji? Ndiwe chiswe?”

Umboni ndinali nawo. Mwezi uliwonse ndinkasamba, ndiponso magazi ankatuluka ambiri moti masiku ena ndinkajomba kusukulu. Koma nditatha msinkhu anamkungwi anandilanga kuti za kumwezi sauza mwamuna, ndipo ngakhale mayi wokubereka asaone kansalu kako. Ndikanayambira pati pamaso pa amalume? Ndinangozolika, ndipo iwo anatenga kukhala chete kwangako ngati kuvomera.

“Basi, sukulu yathera pompa,” anatero. “Ndikamupeza mwini katunduyu, adzamutenge. Sindingasunge manyazi pakhomo.”

Mayeso a Sitandade 8 anali atayandikira. Aphunzitsi ankanena kuti ndinali mmodzi mwa ana amene akanasankhidwa kupita kusekondale. Ndinamva ngati andithira madzi ozizira kumsana, ndipo ndinapsa mtima koopsa. Amayi ndi amene anayankhula, motsitsa mawu, kuti ngati zili choncho ndiye tipite kaye kusikelo, anesi akatiuze kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Amalume anavomera, ati iwonso akufuna akamve ndi makutu awo.

Kuchipatala tinapeza anesi a Mhango, mayi wamfupi wochokera ku mpoto, amene Chichewa chawo chinkamveka kachiTumbuka. Amalume atayamba kufotokoza mlandu, anesiwo anakweza dzanja.

“Dada, wodwala ndi inu kapena mwanayu? Takadikirani panja, nonse awiri.”

Titatsala awiriwiri, anandikokera chikope m'munsi n'kusuzumira. Anatembenuza zikhatho zanga, zinali mbuu ngati ndagwira ufa. Kenaka anandifunsa za kumwezi mosazungulira, ngati akufunsa za chimfine, ndipo ine ndinakhuthula zonse. Anandipatsa kabotolo kuti ndikaikemo mkodzo, anandibaya chala, kenaka anaitana amayi ndi amalume.

“Mwanayu alibe pakati,” anatero. “Chimene chamuchepera ndi magazi. Akutaya ambiri mwezi ndi mwezi, ndipo zakudya sizikubwezera. Thupi likasowa mchere wopangira magazi wotchedwa ayironi, anthu ena amalakalaka dothi. Amayi apakati amadya dothi kawirikawiri chifukwa iwonso magazi amawachepera, koma dothi si umboni wa mimba.”

Abale inu, ndinalira! Ndinalira mokweza ngati pamaliro, mamina ali chuchuchu, koma mumtima munali mutapepuka. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Amalume anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati ngati mwagwera kanthu, n'kuchivalanso.

Anesi anandipatsa mapiritsi oonjezera magazi ndi ena opha njoka zam'mimba, poti dothi limabwera ndi alendo akenso. Anatchula zakudya zoti ndizidya: bonongwe, chisoso, nyemba, usipa, ndi chiwindi chikapezeka. Atatha apo anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa botolo la chinthu chakuda bii, chonanda ngati uchi wakale. Atangotsekula, amalume anakwinya mphuno.

“Amayi, kodi izi si molasesi zija amatcherezera kachasu? Ine ndine mkulu wa mpingo, izi zilowe m'nyumba mwathu?”

Anesi anaseka mpaka kugwira tebulo. “Dada, chimanganso anthu amafululira mowa. Munasiya kudya?”

Ndiye anafotokoza bwinobwino. Kufakitale akafinya nzimbe, madzi ake amawaphitsa kangapo, ulendo uliwonse n'kuchotsamo shuga. Chotsalira pomaliza, chakuda kwambiri ndi chowawirako, ndiye molasesi ameneyu. Shuga woyera amene timamunyadira amangopita ndi kutsekemera kokha, pamene michere ya munzimbe imatsalira mu chakudacho: ayironi wa magazi, kashiamu wa mafupa, ndi ina yothandiza minofu. Anati iwonso amamwa supuni imodzi m'mawa, ndipo anandithirirako m'kabotolo kuti ndikayambire.

Koma anachenjeza, chala chili m'mwamba. Molasesi wa m'migolo, amene amagulitsira ng'ombe ndi otcheza kachasu, si wodya munthu. Tizifuna wa m'botolo wogulitsidwa ngati chakudya. Supuni imodzi patsiku yakwana, chifukwa shuga akadalimo ndithu, ndipo ukachulutsa umatsegula m'mimba. Ndisamwere pamodzi ndi tiyi, poti tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, koma ndizitsatiza nachesi kapena madzi a malambe. Chachikulu, molasesi ndi wongothandizira, asalowe m'malo mwa mapiritsi.

Kunena zoona, tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kulavula. Ndinkayembekezera kukoma kwa nzimbe, koma chinandilandira ndi kuwawa kwa chinthu chopserera mumphika, kokakamira kukhosi. Amayi anayesa kundisakanizira m'phala la mgaiwa, phalalo n'kusanduka lofiirira, ndipo pamenepo zinayamba kumezeka. Manachesi kwathu savuta nyengo yake, ndiye ndinkangothyola limodzi n'kumasenda panjira yakusukulu.

Amalume sanandiuzepo kuti pepa. Mawu amenewo sankakhala m'kamwa mwawo. Koma kabotolo ka anesi kasanathe, anafika ndi botolo lalikulu limene anachita kuitanitsa ku Blantyre kudzera mwa mzimayi wina wa golosale pa Neno boma. Analikulunga m'majumbo awiri kuti akumpingo asalione. Analiika pakhonde n'kunena kuti, “Uzimwa. Ndipo mayesowo ukalephera, tidzaonana.” Ndinawathokoza nditagwada, ndikudziletsa kuseka.

Mphamvu sizinabwere tsiku limodzi. Zinabwera pang'onopang'ono, mpaka ndinangozindikira kuti ndakwera chitunda chija osatula ndowa, ndipo chilakolako cha dothi chinazimirira osatsanzika. Titabwerera kukayezetsa, anesi anati magazi akukwera. Mayeso ndinalemba, ndipo dzina langa linatuluka.

M'mawa wina, ndikukonzekera ulendo wa kusekondale, amayi ankatakasa phala ine ndikusonkhezera moto. Anathira molasesi, n'kukhala akutakasabe ngakhale anali atasungunuka kale.

“Inenso ndinkadya dothi,” anatero osandiyang'ana. “Ndinali Sitandade 6. Panalibe wonditengera kuchipatala. Anandifunsa dzina la mnyamata, ine n'kutchula bambo ako chifukwa ndi okhawo amene ankandipatsa moni panjira. Mwezi womwewo anandikwatitsa kuti manyazi asaoneke. Mimbayo anthu anaidikira, osabwera. Iwe unabadwa patapita zaka zitatu.”

Ine ndinangopitiriza kusonkhezera moto. Ndinali mwana, ndipo mutu wanga unali pa yunifolomu yatsopano.

Lero ndine mayi wa ana aakazi awiri, ndipo botolo lakuda silisowa m'kabati mwanga. Ndimadziwa tsopano kuti molasesi si mankhwala a matsenga. Ndi chakudya chabe, chokhala ndi michere imene shuga woyera alibe, ndipo magazi anga anabwerera chifukwa cha mapiritsi, ndiwo zamasamba, usipa ndi iyeyo pamodzi. Ndimadziwanso kuti mwambo wobisa za kumwezi ukhoza kumuphetsa mwana ali pakati pa abale ake, n'chifukwa chake ana anga ndimawafunsa ndekha, ngakhale azichita tsinya.

Koma chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse ndi mawu a amayi aja. Nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti mtima umene unakhala pansi m'chipinda cha anesi unali wanga wokha. Sindinkadziwa kuti pambali panga panakhala munthu amene tsiku lomwelo anali atangomva kumene, ali mayi wamkulu, dzina la matenda amene anamuchotsa pasukulu. Ndikawachezera masiku ano ndimawatengera botolo lawo, ndipo ndimawathirira ndekha m'phala. Amadandaula kuti n'zowawa, koma amamaliza mbale yonse.