Kukupiza Chishango

Ngoma, gule wathu wa nkhondo uja, ndinaiphunzira kwa abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, m'zaka zija azungu atangoletsa nkhondo, mikondo itatsala yovinira basi. Mudzi wathu unali wa Angoni, kufupi ndi Linthipe. Bambo anga ondibala anamwalira ndikukwawa, ndiye wondisandutsa mwamuna anali abambo aakuluwo. Amayi anali Mchewa wa kumapiri a Mphunzi. Za mmene anafikira m'mudzi wa Angoni sindinafunsepo. Kodi mwana amafunsa zimenezo?

Abambo aakulu sanali munthu wosekerera chibwana. Masana alionse ankatiika anyamata pamzere kuseri kwa khola, bango lili m'manja, mphepo ya ku Dedza kuno ikutilowa m'mafupa.

"Iwe! Ukuponda ngati ukuopa kudzutsa nkhuku? Ponda, akumve a kwa Kaphuka!"

Bango lija thwa! m'katumba. Mangenjeza a m'miyendo ankafuna alire kamodzi phazi likatera, osati kawiri. Chishango chisaphimbe maso, chibonga chisagwedere, msana uwongoke. Anyamata a lero ovina ngati akuthawa linthumbu akanalira tsiku loyamba lomwe, ndikukuuzani.

Anali ndi lamulo lawo. Kapondedwe kalikonse ka ngoma kali ndi mbiri yake, koma mbiriyo sauzidwa munthu asanakavine pabwalo. "Phazi lidziwe kaye, khutu limva pambuyo," ankatero. Ife tinkangoponda, osadziwa chimene tikuponda.

Chimene mnyamata aliyense ankachilota ndi kugiya, kutuluka pamzere wekha n'kuonetsa mavinidwe amene walumikiza wekha. Ukagiya koyamba, amayi ako amayenera kuthamangira pabwalo ndi nthungululu n'kukupukuta thukuta. Akapanda kutuluka, watha. Panali mnyamata wina amene amake sanatuluke, ndipo atsikana anamuseka mpaka anakakwatira kutali. Ine zimenezo sindinkazifuna ngakhale kumaloto.

Pa mavinidwe onse, mtima wanga unagwa pa kapondedwe kamodzi kamene abambo aakulu anationetsa tsiku lina atakondwa. Umagwada bondo limodzi, n'kutsitsa chishango, n'kuchikupiza katatu kutsogolo. Kenako umadumphira m'mbuyo, chibonga m'mwamba, n'kuima zii ngati ukudikira kanthu. Anzanga ankagwa chagada podumphapo. Ine ndinakagwira, ndipo ndinakaika kumapeto kwa kugiya kwanga kuti anthu akapite nako kwawo.

Tsiku lina ndinakayeserera pakhomo, amayi akusankha nyemba. Nditangokupiza kachitatu, anadzuka, lichero n'kugwa, nyemba mbwee! Analowa m'nyumba osatola. Kuyambira pamenepo, ndikatchula za ngoma ankayankha za nkhuni. Ine mtima unayamba kundiwawa, poti tsiku la kugiya linali kuyandikira.

"Amayi, mudzatuluka kodi?"

"Tidzaona, mwanangu."

"Tidzaona chiyani? Mukufuna ndisanduke choseketsa? Mukanakhala Mngoni bwenzi simukundizunza chonchi!"

Ndinaterodi, ine, ndi pakamwa panga pomwepa. Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo ndimachita manyazi.

Tsiku linafika titakolola, mowa utapsa m'midzi itatu. Mzere unaponda, fumbi koboo, azimayi akuomba m'manja. Nthawi yanga itakwana ndinatuluka. Ndinagwada, ndinakupiza, ndinadumpha, ndinaima chibonga m'mwamba. Bwalo lonse linati zii. Ndinaponya diso kumene kunali azimayi. Palibe anasuntha. Ndinati basi, ndafa ine.

Kenako nthungululu inang'amba bwalo. Anali amayi, akuthamanga, nsalu ili m'manja. Sindinawamvepo akukuwa chotero chibadwire. Anandipukuta kumaso. Ine wopusa ndinati kukuwa kuja n'chimwemwe.

Dzuwa litapendeka, abambo aakulu anandiitanira pamene panakhala madoda. Anandipatsa chipanda cha mowa pamaso pa onse.

"Lero wavina, mwana wa mng'ono wanga. Tsopano tsegula khutu. Ukudziwa chimene umakupiza?"

"Ayi, bambo."

"Utsi!" Anaseka mpaka kutsokomola, madoda ena n'kumagwedeza mitu mokondwa. "Achewa a ku Mphunzi akamva kuti tikubwera, ankathawira m'mapanga. Kulowamo sungalowe, akulasa. Ndiye tinkaunjika udzu ndi masamba aawisi pakhomo pa phanga, n'kuyatsa, n'kugwada kumakupiza ndi zishango. Kudumpha kuja n'kupatsa njira wotuluka. Kuima kuja n'kumudikira ndi chibonga."

Ku Mphunzi, kwawo kwa amayi?

"Akuluakulu ambiri sankatuluka n'komwe," anapitiriza ngati akukamba za ulenje wa mbewa. "Utsi ukatha tinkalowa kukoka ana amene akupuma. Mayi akowa ndinawakoka mwendo ndine, ali kamtsikana, atakakamira nsalu ya amawo. Amawowo anali atazizira kale. Ndinawalera, atakula ndinawapereka kwa bambo ako. Unabadwa chifukwa cha dzanja ili, iwe!"

Anandionetsa dzanjalo, lomwe lija linkagwira bango. Mayo ine! Ndinayang'ana nkhope za madoda kuti mwina wina anena kuti ndi mowa ukuyankhula. Palibe. Onse ankadziwa. Mudzi wonse unkadziwa, ndi azimayi omwe ankaomba m'manja aja, kupatula ine mwini kuvina.

"Mlamu!" anakuwa abambo aakulu. "Chipanda chauma kuno!"

Amayi anabwera ndi mtsuko, anagwada, anawathirira mowa osataya ngakhale dontho, n'kubwerera. Anali atachita zimenezo zaka zonse za moyo wanga, ine ndikuona.

Ndinadzuka n'kuwatsatira amayi. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akutsuka mitsuko. Mangenjeza anali akadali m'miyendo mwanga, ndipo phazi lililonse linkandiulula. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwamasula.

"Akuuza," anatero osatembenuka.

"Andiuza. Amayi, bwanji simunandiletse? Mukanangonena mawu amodzi!"

"Ndikuletse kuti uvine chiyani? Zonse zimene amakuphunzitsa zili ndi eni ake. Kwinako n'kwa anthu ena, kumeneko kunangokhala kwanga."

"Nanga munatulukiranji?"

"Ukanaima pabwalo paja wekha, ndani akanakupukuta? Ndili ndi mwana wina ine?"

Ndinalira ngati kamwana, mwamuna amene ndinali nditangomwa ndi madoda. Ndinapepesa za mawu anga aja, koma anangokweza dzanja kuti ndisiye. Anatsuka mtsuko wina mpaka kumaliza, anauvundikira, kenako anandiyang'ana.

"Wavina bwino, ndisaname. Koma chishango unachikweza kwambiri. Iwo ankachitsitsa mpaka kukhudza dothi, chifukwa ankadziwa kuti ife tagona pansi kufuna mpweya."