Zala za Chizuru, Phewa la Bambo Ake

Chizuru Inagaki ndi mwana wa a Genzo Inagaki ndi a Tomoe, a kwathu ku Uzumasa mumzinda wa Kyoto. Anabadwa yekha, wopanda mlongo, wopanda mng'ono. Iye naye ali ndi ana awiri, Kohei ndi Nanase, ana oti ukangowaona umadziwiratu kuti ndi magazi a kwa Inagaki: chipumi chotakata ndi makutu osamva za munthu. Bambo wa anawo tisamutchule. Anachoka yekha ndipo palibe anamulondola.

A Genzo ntchito yawo inali kufa. M'mafilimu a asamurai, ankhondo akale a malupanga, ngwazi ikasolola lupanga pamafunika anthu oti iwateme, ndiye iwo anali mmodzi mwa otemedwawo. Pa tsiku ankatha kufa katatu: m'mawa ngati mbala, masana ngati mlonda wa pachipata, madzulo ngati mbala ina ya ndevu zomata. Nkhope yawo oonera sankaisunga, koma kafedwe kawo aliyense wa ntchitoyo ankakadziwa. Lupanga likawadutsa ankaima kaye chilili, n'kuyang'ana chikhatho chawo ngati munthu wodabwa kuti magaziwa ndi a yani. Kenako bondo lamanzere pansi, kutembenuka kamodzi, n'kugwa chafufumimba nkhwayira imodzi itavuka. Kafedwe kameneka anakasula okha kwa zaka khumi, ndipo mnyamata wina atayesa kukabera anapita kwawo mlomo uli ngati chitumbuwa.

Gulu lawo la otemedwa linali ndi lamulo. Lupanga, ngakhale lamtengo, liziima patatsala chala chimodzi kuti likhudze mnzako. Dzanja likakupulumuka n'kumumenya zenizeni, ugwade pamaso pa onse, umupatse lupanga lako, akubwezere kamodzi paphewa dzuwa lisanalowe. Akabweza nkhani yatha, mukamwere limodzi mowa. Ndi a imvi omwe ankagwada.

Chizuru anagwira lupanga lamtengo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuzizire kusazizire, bambo ake ankamutulutsa pabwalo kuti ateme mphepo kazana asanalawe mpunga. Dzanja anali nalo mwanayo, zimenezo palibe angatsutse. Koma analinso ndi matenda awiri, kujambula ndi kuseka.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankachita masewera pamodzi ndi gululo m'chipinda chawo chamatabwa. Tsiku lina a Genzo ankaonetsa anyamata atsopano mmene munthu amafera. Zonse zinayenda bwino mpaka pa nkhwayira, imene inauluka mopitirira n'kukagwera m'ketulo ya tiyi. Amuna onse analuma milomo. Chizuru yekha anaphulika.

A Genzo anadzuka, n'kusasa fumbi pamaondo.

"Tenga lupanga lako."

Malupanga atapingasana anamufunsa, "Chikukuseketsa n'chiyani?"

"Nkhwayira yanu, Ababa. Yafa bwino kuposa inu."

Wina kumbuyo anabisa nkhope m'malaya. Lupanga la a Genzo linatsika, ndipo silinaime. Kunamveka thyo! ngati nsungwi youma. Zala ziwiri za dzanja lamanja la Chizuru, cholozera ndi chapakati, zinapindikira kumbuyo, fupa lili mbee panja pa khungu. Magazi anadontha pamatabwa. Mwanayo sanalire, anangogwada n'kusanza.

Onse anadikira. Mkulu wa gululo, a Shimoda, anayang'ana pazenera nati, "Genzo, dzuwa likadalipo."

"Landipulumuka dzanja," anatero a Genzo.

"Tamva. N'chifukwa chake pali lamulo."

"Bambo sagwadira mwana amene anamusintha matewera."

Dzuwa linalowa.

Zalazo zinapola zokhota ngati mbedza. Wina akadasiya pensulo pomwepo, koma uyu ndi wa kwa Inagaki. Anaphunzira kuigwira ndi chala chachikulu ndi chachinayi, mpaka pamene pankakhala pensulopo panamera chikang'a. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakwera sitima ya ku Tokyo ndi chikwama chimodzi ndi mpunga woumba umene amayi ake anamumangira. Bambo ake sanatuluke m'nyumba.

Ku Suginami, dera la mu Tokyo momwemo, analowa ntchito pa kampani yaing'ono yojambula makatuni a pa kanema, pamwamba pa sitolo yochapa zovala. Tebulo lake linali lagalasi, nyali pansi, pepala pamwamba pa pepala linzake. Kuti lupanga litsike kamodzi pa kanema pankafunika mapepala khumi ndi awiri. Anajambula zaka ndi zaka, mwana wina ali kumsana wina ali m'mimba, mwamuna atapita, msana ukuwawa. Pang'ono ndi pang'ono dzina lake linamveka, chifukwa anzake ankajambula lupanga ngati ndodo yothamangitsira nkhuku, pamene la Chizuru linkalemera. Ankadziwa kuti kutema kumayambira m'chiuno, ndiponso kuti munthu wotemedwa sagwa msanga.

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, kampani inalandira ntchito yaikulu: nkhani ya mlungu ndi mlungu ya msamurai wodwala dzino, woyendayenda dziko lonse kufuna womuzula, n'kumatema aliyense womulankhulitsa dzinolo likamagunda. Munalinso chigawenga china chimene chinkaphedwa mlungu uliwonse n'kudzabweranso mlungu wotsatira ngati palibe chachitika. Nkhondo zonse anazipereka kwa Chizuru.

Mkulu wa ntchitoyo, a Hirose, anamuuza kuti, "Mayi Inagaki, chigawengachi chizifa moseketsa. Magazi akhale ambiri, koma ana azigubuduka ndi phwete."

Chizuru sanaganize nthawi yaitali. Dzanja linangoyenda lokha. Chigawenga chinatemedwa kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, magazi n'kuthovoka ngati paipi yophulika. Chinaima chilili, chinayang'ana chikhatho, bondo lamanzere pansi, kutembenuka kamodzi, chafufumimba. Ndiye nkhwayira ija! Mlungu uno ikagwera mumphika wa supu, mlungu winawo pamutu pa wansembe, winawo n'kugwetsa khwangwala m'mwamba. Dziko lonse linaseka. Pa mabwalo a sukulu ana ankafa choncho nthawi yopuma, nsapato zili kuuluka.

Ku Uzumasa a Genzo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, akadafabe. Makatuni sankaonera. Tsiku lina ngwazi ya filimu inawatema, iwo n'kuyamba kafedwe kawo. Atangoyang'ana chikhatho, wogwira nyali anafwenthera. Pofika pa bondo onse anali atagwira nthiti.

Ngwaziyo, kamnyamata ka dzulodzuloli, inati, "Agogo, mukuyerekeza katuni ija? Koma ndiye mwakhoza!"

Anabwereza katatu, katatu konse anthu anaseka. Wotsogolera filimu anawapempha mwaulemu kuti afe mwa mtundu wina. Koma munthu wafa mofanana zaka makumi anayi angayambe lero kufa mwina? Anawasunthira kumbuyo, kumene anthu amafa ngati mithunzi, osaoneka nkhope. Atafika kunyumba a Tomoe anaulula kuti iwo ankaonera katuniyo mobisa mlungu uliwonse. A Genzo anaionera mpaka pothera, pamene mayina a ojambula amadutsa, n'kuona dzina la mwana wawo.

Tsono tsoka lake linali lakuti tsiku limene iwo anakwera sitima kumulondola ku Tokyo, a Hirose anali ataitana katswiri wa malupanga kuti adzaonetse ojambula mmene nkhondo yomaliza iyendere. Katswiriyo palibe ankamudziwa nkhope, ankangodziwa kuti afika masana. Ndiye pamene nkhalamba yowongoka msana inakwera masitepe ndi thumba lalitali lansalu paphewa, n'kuvula nsapato pakhomo, onse anaiweramira. Anakankhira mipando kukhoma, aliyense n'kutenga pensulo ndi pepala.

Chizuru anadzutsa mutu patebulo lake.

"Ababa."

"Wandigulitsa kwa ana a sukulu. Imirira."

"Mwadya?"

"Imirira, galu iwe!"

A Hirose ananong'oneza anzawo, "Mwaona akatswiri enieni? Alowa kale m'sewero. Jambulani, jambulani!"

A Genzo anamasula thumba, n'kuponya lupanga limodzi lamtengo pamapazi a mwana wawo. Lachiwiri analikweza n'kulitsitsa patebulo. Galasi linaphwanyika, nyali inaphulika, ntchito ya milungu iwiri inamwazika pansi. Chidutswa china chinamucheka Chizuru patsaya. "Eee!" anatero ojambula aja mokondwa, mapensulo ali pa liwiro.

Chizuru anatola lupanga. Zaka makumi awiri asanaligwire, koma miyendo inakumbuka. Anatchinga koyamba, kugunda kwake kunamveka mpaka m'mano. Anatchinga kachiwiri, n'kubwerera chambuyo kugunda shelefu, mabotolo a utoto n'kugubuduka. Kachitatu anachedwa. Lupanga la bambo ake linabwera pakhosi ndi mphepo yake, n'kuima. Chala chimodzi.

"Wafa," anatero a Genzo.

Anayambanso. Linabwera pamphumi, linaima. "Wafanso." Linabwera padzanja lomwe lija, pa zala zokhota zija, mwamphamvu yoti likadaziphwanya kachiwiri, ndipo linaima osakhudza ngakhale kaubweya.

"Waona? Iyi ndi ntchito, si nthabwala. Zaka makumi anayi, lupanga langa silinandipulumukepo ndi kamodzi komwe."

Anazindikira mochedwa chimene anena. Chizuru anayang'ana lupanga lili phee pamwamba pa zala zake, kenako anayang'ana bambo ake.

"Ndi kamodzi komwe?" anafunsa. "Ndiye tsiku lija munachita kufuna."

A Genzo anatsegula pakamwa. Chizuru anali atatema kale, kuyambira m'chiuno monga anamuphunzitsira. Ena amati zala zokhota sizingaimitse lupanga, ena amati sanafune kuliimitsa. Iye sananenepo, ndipo wakunja asamuyankhire. Linang'amba khutu la a Genzo n'kutera pa fupa la paphewa. Fupalo linathyoka momveka mpaka ku sitolo ya pansi.

Munthu amene anafa mokongola kambirimbiri anagwa ngati thumba la makala. Sanayang'ane chikhatho, sanatembenuke. Anagunda mutu pangodya ya tebulo, n'kugona chammbali miyendo ikuphiriphitha, magazi akuyenderera pa mapepala kusakanikirana ndi utoto.

Ojambula anaomba m'manja. Mtsikana wina wakhama anakweza dzanja nati, "Pepani, kagwedweko sikanaoneke ngati kenikeni. Agogo angabwerezeko?"

"Itanani ambulansi, zitsiru inu!" anakuwa Chizuru. "Awa ndi bambo anga!"

Pomwepo pakhomo panaima katswiri weniweni uja, mwamuna wonenepa wa tayi, thumba lalitali lili paphewa, akupepesa kuti sitima inamuchedwetsa.

Kuchipatala anawasoka khutu ndi mphumi, n'kuwamanga mkono pachifuwa. Chizuru analowa m'chipindamo tsaya lili ndi pulasitala, malaya ali magazi okhaokha. Anaima kumiyendo kwa bedi. Kuwala kwa madzulo kunali kukadali pakhoma.

A Genzo analankhula osamuyang'ana. "Dzuwa likadalipo."

"Ndikuliona."

"Lamulo ukulidziwa."

"Ndikulidziwa bwino. Koma pamzerepa pali amene ali patsogolo panga. Akhalapo zaka makumi awiri."

"Ukufuna ine ndigwade? Ndi fupa lothyoka?"

"Maondo ndi abwinobwino, adokotala anena."

"Pakamwa ngati amako."

"Dzanja ngati lanu."

Nkhalambayo inafuna kuseka, ululu n'kuigwira, inatukwana. Kenako inati, "Bambo sagwadira mwana."

"Ndiye mwana adikira," anatero Chizuru. Anakoka mpando n'kukhala. Anawasendera lalanje, iwo anadya. Palibe anagwada.

Mkono wa a Genzo sunakwerenso kupitirira phewa, ndipo sanafenso m'filimu iliyonse. Katuni ija inapitirira zaka zina ziwiri, chigawenga chikufabe mlungu ndi mlungu, chifukwa ana awiri sadya ulemu wa agogo awo. Apolisi atabwera kudzafunsa, a Genzo anati anagwa pamasitepe, ndipo a Hirose ndi anthu awo, manyazi atawagwira, anavomereza kuti masitepewo ndi oterera.

Alipo pano pa Uzumasa amene amati mwana womenya kholo ndi wotembereredwa. Alipo amene amati bambo wothyola zala za mwana wamkazi sayenera kupatsidwa moni. Onsewo asamale za m'nyumba zawo. Chizuru analera ana awiri ndi zala zitatu, Kohei pano ndi dokotala wa mano, Nanase akuphunzitsa ana kusambira, ndipo palibe mwa iwo anagonapo ndi njala.

Chaka chatsopano chilichonse Chizuru amabwera ndi anawo. A Tomoe amakhazika bambo uku, mwana uko, tebulo pakati. A Genzo sangathe kunyamula botolo la mowa wa mpunga ndi dzanja lamanja, choncho Chizuru ndi amene amawathirira.

"Kuthira mowa si kugwada," amatero iye.

"Ndani wanena kuti n'kugwada? Dzaza."

Chaka chino a Genzo akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. Maondo ayamba kuvuta, pokhala pansi amachita kuwagwirira. Chizuru anawagulira mankhwala opaka a mtengo wapatali, n'kuuza amayi ake kuti aziwapaka m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, chifukwa maondo amenewo akadali ndi ntchito imodzi. A Genzo atamva anati amuuze kuti iwonso phewa lake akulisungira lupanga.